Kuwerenga Ana a Eni ku Mapiri a Adirondack

Mwezi wa June ukafika kuno kwathu, cimanga cimakhala cili m'nkhokwe, mphepo ya cisanu imayamba kuomba m'madambo, ndipo ana amapita ku sukulu manja ali m'khwapa. Ku America nthawi yomweyo ndiyo nyengo yotentha. Masukulu amatsekedwa miyezi yoposa iwiri, ndipo makolo ambiri amatumiza ana awo ku misasa ya m'nkhalango, kumene amakagona, kudya ndi kusewera pamodzi ndi anzawo kwa masabata angapo, kutali ndi amai awo. Pa misasa imeneyi pamafunika anyamata ndi atsikana acikulire oti aziyang'anira anawo usana ndi usiku. Ine ndinagwirako nchito imeneyi nyengo imodzi, zaka zingapo zapitazo, pamene ndinali nditatsiriza maphunziro a uphunzitsi ndipo ndinali kuyembekeza kuikidwa pa sukulu.

Nditabwerera kumudzi kwathu m'boma la Katete, abale anasonkhana pakhonde nandifunsa kuti, "Tiuzeni, munakaona ciani ku dziko la Azungu?" Iwo anali kuyembekeza kumva za nyumba zosanja zofika m'mitambo. Ndinayankha kuti, "Ndinakawerenga ana." Amalume anaseka kwambiri, nati ndalama ya ndeke inangopita pacabe, popeza ana ali mbwee pamudzi pompano. Ndalemba nkhani iyi kuti ndimasulire yankho langa lija, pakuti ndikhulupirira kuti m'menemo muli kanthu kothandiza ife makolo ndi aphunzitsi a kumidzi.

ULENDO WA KUMPOTO

Pa nthawi imene ndinapita, boma la America linali kupereka ciphaso ca ulendo cochedwa J-1 kwa acinyamata a maiko ena ofuna kukatumikira pa misasa ya ana. Ciphasoci cinacokera m'lamulo la 1961 lolimbikitsa kuti anthu a maiko osiyana azicezerana ndi kuphunzirana miyambo, ndipo cinali kulola munthu wa zaka 18 kapena kuposa kukhala pa nchitoyo miyezi yosapitirira 4. Bungwe lina la acinyamata limene ndinali kutumikiramo ndilo linandithandiza ndi makalata.

Ndinanyamuka pa Lusaka ndi ndeke, ndipo nditasintha ndeke panjira ndinatera mumzinda wa New York tsiku lotsatira. Koloko ya kumeneko inali m'mbuyo ndi maola 6, ndiko kuti pamene amai anali kupakula nsima ya madzulo ku Katete, ine ndinali ndisanadye ca masana. Za mzindawo sindidzakamba zambiri, cifukwa ndinagonamo usiku umodzi cabe. M'mawa mwake ndinakwera sitima yopita kumpoto, imene imatsata mtsinje wa Hudson, kupyola Albany, likulu la cigawo ca New York, kufikira m'mphepete mwa nyanja ya Champlain. Nyumba zosanja zinatha, kunabwera minda ndi ng'ombe za mkaka, ndipo pambuyo pake mitengo yokhayokha. Galimoto ya pa msasa inanditenga pa kasiteshoni kena, ndipo tsiku lomwelo ndinadabwa kuona kuti 8 koloko ya usiku yakwana kunja kukali koyera.

DZIKO LA MAPIRI NDI NYANJA

Dera limene ndinafikako limachedwa Adirondack, ndipo ndi paki yaikulu ya mapiri, nkhalango ndi nyanja zing'onozing'ono zambirimbiri. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 24,000, motero imaposa pang'ono paki yathu ya Kafue, imene ili ndi 22,400. Kusiyana kwake ndi kwakuti m'paki ya Adirondack muli midzi, masitolo, masukulu ndi minda, cifukwa pafupifupi theka la nthaka yake ndi la anthu wamba, ndipo yotsalayo ndiyo ya boma.

Mbiri ya nkhalangoyi iyenera kumveka kwa ife amene tikuona mitengo yathu ikuthera m'matumba a makala. M'zaka za m'ma 1800 odula matabwa ndi oocha makala a m'ng'anjo za citsulo anameta mapiri ambiri a kumeneko, kufikira anthu a m'mizinda anayamba kuopa kuti mtsinje wa Hudson, umene umayambira m'mapiri omwewo, udzacepa madzi, ndipo zombo za malonda zidzaleka kuyenda. Motero mu 1892 boma la cigawoco linakhazikitsa pakiyo, ndipo mu 1894 analemba m'malamulo akulu a cigawo kuti nkhalango za boma za m'menemo zikhale chire kosatha, mitengo yake isadulidwe kapena kugulitsidwa. Mitengoyo inaphukanso, ndipo amene akuyendamo lero sangaganize kuti nkhwangwa inapitapo.

Phiri lalitali kopambana ndi Marcy, la mamita 1,629 kucokera pa nyanja ya mcere. Popeza Lusaka yemwe ali pa mamita oposa 1,200, msinkhu umenewu sungatiopse ife. Koma mapiriwo amaoneka aatali cifukwa amayambira pansi kwambiri. Nyengo yozizira ikafika, madzi a m'nyanja amaundana nkuuma gwa, anthu nkumayenda pamwamba pake. Ndico cifukwa cake tauni ya Lake Placid, ya m'paki momwemo, inalandira masewera a Olympic a nyengo yozizira mu 1932 ndi mu 1980.

M'chire limenelo mulibe mkango, njobvu kapena fisi, ndipo m'madzi ake mulibe ng'ona kapena mvuu. Cirombo cacikulu ndi cimbalangondo cakuda, cimene cimakonda kuba cakudya ca apaulendo usiku. Udzudzu ulipo woculuka, koma supereka malungo. Muli nkhupakupa zopereka nthenda yochedwa Lyme, ndiponso citsamba cina ca masamba atatuatatu cimene cimayabwa ndi kutulutsa matuza koposa citedze. Usiku wanga woyamba sindinagone bwino cifukwa ca mbalame ya m'madzi imene eni dziko amaicha loon, imene kulira kwake kumamveka ngati kwa mai wa pamaliro kutsidya kwa dambo.

MISASA IMENEYI INAYAMBA BWANJI?

Mwambo wotumiza ana ku misasa si wakale kwambiri. Mu 1861 mphunzitsi wina wa ku Connecticut, Frederick Gunn, pamodzi ndi mkazi wake Abigail, anatenga ana a sukulu yawo nayenda nawo pansi kufikira ku gombe la nyanja, kumene anagona m'mahema masabata 2, akuwedza nsomba ndi kupalasa mabwato. Mu 1877 mbusa Willard Parsons anapempha anthu a mpingo wake wa kumudzi ku Pennsylvania kuti alandire ana osauka a mu New York m'nyumba zawo pa chuthi, ndipo nchito yake inakula nikhala bungwe la Fresh Air Fund. Mu 1885 Sumner Dudley, wa bungwe la YMCA, anapita ku chire ndi anyamata 7. Msasa umene anayambitsa unasamukira pambuyo pake ku Westport, pa nyanja ya Champlain, ndipo umadziwika ndi dzina lake.

Anthu onsewa anaona bvuto limodzi. Mizinda inali kukula, mafakitale anali kuculuka, ndipo ana anali kukulira m'tizipinda topanikizana, osadziwa nthaka, moto kapena mtsinje. Motero anthu a m'tauni anayamba kugulira ana awo ndi ndalama zinthu zimene agogo awo a kumidzi anali nazo kwaulere. Pa msasa umene ndinali ine, makolo olemera anali kulipira madola zikwi zingapo pa mwana mmodzi, ndipo ana ena a m'mabanja osauka anali kulipiriridwa ndi anthu akufuna kwabwino.

NCHITO YA PHUNGU

Dzina la nchito yanga m'Cingerezi limatanthauza mlangizi, koma ine ndinaona kuti liu loyenera kwathu ndi phungu, munthu uja amene amapatsidwa namwali kuti amsunge, amdyetse, amlangize, ndi kumbweza kwa makolo ake ali bwino.

Sabata loyamba ana anali asanafike, ndipo ife alangizi tinali kuphunzitsidwa. Tinali ocokera ku America komweko, ku Britain, ku South Africa, ku Australia ndi kwina. Anatiphunzitsa kumanga bala, kutsitsimutsa munthu womira m'madzi, ndi kuzindikira mwana amene dzuwa lamfooketsa. Anatipatsanso malamulo olimba. Wamkulu asakhale yekha ndi mwana mmodzi pamalo obisika. Kukwapula mwana, ngakhale kumkoka khutu cabe, ndi mlandu wocotsetsa munthu nchito tsiku lomwelo. Mankhwala onse amasungidwa ndi nesi, ndipo mafoni a ana amasiyidwa pa cipata. Lamulo limene linandiseketsa poyamba linali loletsa nshawa pa msasa wonse. Ine wokulira pa nshawa za Chalimbana sindinamvetse, kufikira nesi anatifotokozera kuti alipo ana amene matupi awo amadana ndi nshawa kotero kuti njere imodzi ingatupitse pakhosi, mwana nkulephera kupuma.

Ndinapatsidwa kanyumba ka matabwa ka mabedi osanjikiza, anyamata 8 a zaka 10 ndi 11, ndi mlangizi mnzanga wocokera ku Scotland. Tsiku loyamba lomwelo kamnyamata kena kanandiitana ndi dzina langa lenileni, kakundiyang'ana m'maso, manja ali m'thumba. Mtima unandipweteka, pakuti kwathu mwana wotere amafunsidwa kuti ndi wa pa khomo la yani. Koma ndinaona kuti ngakhale mkulu wa msasa, mai wa imvi, anali kuitanidwa cimodzimodzi. Cingerezi cilibe "inu" ndi "iwe", ndipo kumeneko mwana woyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu amaganiziridwa kuti akubisa kanthu. Ndinaphunzira kufuna ulemu wawo m'zocita zawo, ndipo ndinaupeza.

Belu linali kulira 7 koloko m'mawa. Ana anali kuyala mabedi awo ndi kusesa, ngakhale aja amene kwawo ali ndi anchito. Titadya, tinali kupita nawo kosambira, kopalasa mabwato, koponya mibvi, ku mpira ndi koumba mbiya. Masana kunali ola lopumula, lolembera makalata kwa makolo. Madzulo tinali kukhala pa moto, ndipo nyali zinali kuzimidwa 9 koloko. Tsiku la phungu silinali kuthera pamenepo. Wina walota zoopsa, wina mimba ikumpweteka, wina wakodza pabedi ndipo nsalu zake ziyenera kusinthidwa mwakacetecete anzake asanadzuke. Tsiku lopuma linali limodzi pa sabata, malipiro anali ocepa, ndipo cakudya ca buledi ndi cizi cinandisiya ndi njala ya nsima miyezi yonseyo.

Zimene ndinakondedwa nazo zinali zinthu zimene sindinaganize kuti ndi luso. Anyamatawo anali odziwa makompyuta, koma panalibe mmodzi wodziwa kusonkha moto. Anali kuunjika zipika zazikulu ndi kutha bokosi la macisi. Ndinawaonetsa kuyamba ndi tiudzu touma ndi tinthambi, ndi kusiyira mphepo njira. Ndinakumba maenje a nsolo pansi pa mtengo, ndipo sabata lisanathe msasa wonse unali kutola timiyala. Ndinapinda mawaya nkupanga galimoto, ndinakulunga mapulasitiki nkumanga mpira. Usiku wina, ndikuwayang'ana atazungulira moto akupempha nthano ya Kalulu, ndinaseka mumtima ndi kunena kuti: ili ndi gowelo lathu lomwe lija, kungoti la kuno ndi lolipira.

KUWERENGA

Koma cinalipo cinthu cimodzi cimene gowelo lathu linalibe, ndico kuwerenga. Pa msasapo ana anali kuwerengedwa podzuka, polowa m'nyumba yodyera, potuluka, ponyamuka kupita ku bwalo, pofika, ndi pogona. Pa nyanja ndiye panali posaseka. Tsiku loyamba mwana aliyense anayesedwa kusambira, ndipo anauzidwa malire amene sayenera kupitirira. Palibe amene anali kuloledwa kulowa m'madzi yekha. Aliyense anali ndi mnzake wa m'madzi. Pa gombe panali thabwa lalikulu la misomali, pamene awiriwo anali kupacika tiziphaso ta maina awo polowa ndi kutitenganso potuluka. Pakapita mphindi zowerengeka mlonda wa pamadzi anali kuliza kherere, ndipo ana onse anali kuima, aliyense atagwira dzanja la mnzake nalikweza m'mwamba. Alonda anali kuwerenga manjawo, ndipo ciwerengero cikalingana ndi ca pathabwa, kusambira kunali kupitirira.

Ndibvomere kuti masabata oyamba ndinayesa kuti amenewa ndi mantha cabe a anthu olemera. Kwathu mnyamata wa zaka 10 amatuluka ndi ng'ombe m'mawa, amaoloka nazo mitsinje, ndipo amabwera madzulo popanda womuwerenga. Ndinali kuwerenga anyamata anga cifukwa linali lamulo, mtima uli kwina.

Pakati pa anyamata anga panali mmodzi wocokera ku Bronx, dera lina la mzinda wa New York, mmodzi wa aja olipiriridwa. Anali waulemu, wosabvuta, wosalira pamaso pa anthu, ndipo cifukwa ca cimeneco sindinali kumlabadira kwambiri. Maso anga anali pa aphokoso. Pakati pa nyengo panali tsiku limene makolo amaloledwa kudzaona ana awo. Magalimoto anadzaza bwalo, ndipo anyamata anga 7 anali kukokera makolo awo ku nsolo ndi ku mabwato. Amai a mnyamata uja sanabwere. Anali kugwira nchito ya usiku, analibe galimoto, ndipo ulendowo ndi wa tsiku lathunthu. Anatumiza uthenga ku ofesi, ndipo mwanayo atauzidwa anangogwedeza mutu. Madzulo ndinaona kuti mbale yake yabwerera yodzaza, koma ndinati mumtima, adzadya mawa.

USIKU UMENE ANAKWANA 7

Titacoka pa moto usiku umenewo, ndinaima pakhomo la kanyumba kathu monga mwa masiku onse, ndikugwira mutu uliwonse wolowa. Anakwana 7. Ndinawerenganso, ndinayang'ana pansi pa mabedi ndi ku cimbudzi. Anali 7 ndithu.

Pamenepo ndinakumbukira cinthu cimene ndinali nditacikwirira zaka zambiri. Ndili mwana, mnzathu wina anamira m'dziwe la mtsinje wa kwathu mwezi wa January. Tinali anyamata ambiri tsikulo, ndipo pobwerera aliyense anayesa kuti iye watsogola ndi gulu lina. Zinadziwika madzulo, amai ake ataika nsima pamphasa. Akuluakulu anamvuula m'mawa mwake. Palibe amene anatifunsa kuti tinapita angati ndipo tinabwera angati, pakuti funso lotere silinali m'mwambo wathu.

Mnzanga wa ku Scotland anatsala ndi anawo, ine ndinathamangira ku ofesi. Belu linalira kosalekeza, ndipo ndinaona cimene tinaphunzitsidwa sabata loyamba cikucitika. Ana onse a pa msasa anasonkhanitsidwa m'nyumba yodyera nawerengedwa. Alangizi anagawana njira, ena ku cipata, ena ku bwalo, ena m'mphepete mwa chire, aliyense ndi toci. Alonda a pamadzi anandandalika pa gombe, nayamba kumira ndi kubvuuka pamodzi, akufufuza pansi pa madzi akuda. Kuona anthu akufuna mwana wanga pansi pa nyanja kunandithetsa mphamvu m'maondo.

Ndinadzifunsa kuti, kodi mwanayu ndimamdziwa ciani? Ndinapeza kanthu kamodzi kokha. Pa ola lopumula anali kukonda kuyang'ana ca kumene timasungira mabwato, amene amabvundikiridwa pa mitanda pafupi ndi mseu wolowera magalimoto. Ndinapita kumeneko ndi mlangizi wina, ndipo tinampeza pansi pa bwato lacitatu, atakumbatira maondo, cola cake cili pamsana. Anali atafuna kuyenda kupita ku siteshoni, koma mdima ndi kulira kwa mbalame ija zinamuopsa, ndipo belu litalira anacita manyazi kutuluka. Zonsezi zinatenga nthawi yosakwana kota la ola, koma kwa ine zinali ngati usiku wathunthu.

Nesi atamuona, tinakhala naye pakhonde la kanyumba kathu, mnzanga ali capafupi. Sindinamkalipire. Ndinamuuza za tsiku limene atate anandisiya pa sukulu ya sekondale yogonera komweko, ndi bokosi langa la citsulo, ndi mmene ndinalirira m'bulangeti sabata lathunthu. Anakhala cete nthawi yaitali, nafunsa kuti, "Kodi inunso mumawakumbuka amai anu?" Ndinati, "Tsiku lililonse, mwanawe. Ndipo iwo ali kutali koposa ako, kutsidya kwa nyanja yaikulu." Tinapangana kuti pa ola lopumula tizilemba makalata tonse awiri, iye kwa amai ake, ine kwa anga.

M'mawa mwake mkulu wa msasa anandiitana. Ndinapita ndikuyembekeza kuuzidwa kuti ndimange katundu. Iwo anayamba ndi kundithokoza kuti ndinawerenga, ndi kuti sindinabise kapena kucedwa kunena. Kenaka anandifunsa kuti, "Kodi mwanayu anadya dzulo madzulo?" Ndinati sanadye. "Munaona?" Ndinati ndinaona. "Munamfunsa?" Ndinaweramitsa mutu. Iwo anati, "Kuwerenga kunakuuzani kuti mwana wasowa. Mbale ija inali kukuuzani kuti adzasowa." Mau amenewo sanandicoke kufikira lero.

Awerengi asayese kuti malamulo otere amathetsa ngozi zonse. Pa 4 July 2025, mbandakuca, mtsinje wa Guadalupe ku Texas unasefukira mwadzidzidzi, ndipo pa msasa umodzi wa atsikana panafa ana ndi alangizi awo 27. Madzi saopa dziko lolemera. Amene walandira mwana wa mwini walandira katundu wolemera, kaya ali ku America kaya ku Katete.

PAMWAMBA PA PHIRI

Sabata lomaliza tinakwera phiri la Cascade, la mamita 1,249, limene lili pa gulu la mapiri 46 ochuka a m'pakimo. Lamulo la paulendo linali lakuti mlangizi mmodzi atsogole, wina atsalire kumbuyo kwenikweni, ndipo gulu lonse liyende ndi liwiro la mwana wofooka kopambana. Ine ndinasankha kumbuyo. Njira inali ya miyala ndi mizu, ndipo mnyamata wanga wa ku Bronx, amene anali asanakwerepo phiri cibadwire, anakhala pansi kawiri nati sangathe. Anzake, aja omwe poyamba anali kulimbirana kutsogolo, anabwerera okha, wina namtengera cola, wina botolo la madzi.

Pamwamba pa phirilo palibe mitengo, pali thanthwe lokhalokha ndi mphepo. Tinaona nkhalango yobiriwira kufikira kumene maso amalekezera, ndi mapiri ena atandandalika mbali zonse. Ndisanatsegule pakamwa, mnyamata uja anayamba kuloza anzake mmodzimmodzi, nadziloza yekha pomalizira, nafuula kuti, "Takwana 8!" Tsiku lotsazikana, pokwera basi ya ku New York, anandisiyira timiyala take ta nsolo kuti ndikapatse ana a kwathu.

ZIMENE NDINABWERA NAZO

Tsopano ndine mphunzitsi, ndipo ndinena kwa inu makolo, mafumu ndi aphunzitsi anzanga. Coyamba, tisapeputse zimene tili nazo. Moto wa madzulo, nthano za agogo, nsolo, gowelo, mwana wodziwa kukama ng'ombe ndi kusema mpini: ena amaolotsa aphunzitsi nyanja ndi kulipira madola kuti ana awo alaweko zimenezi. Magulu a Chongololo ndi a Scout amene ali m'masukulu athu ayenera kuthandizidwa, pakuti amagwira nchito yofanana ndi ya misasa ija popanda mtengo wake.

Caciwiri, titengeko mwambo wa pa gombe lija, umene sufuna ndalama. Chuthi cathu ca December cimagwa pamene mitsinje, madamu ndi maenje a njerwa zikudzaza, ndipo madzi athu ali ndi ng'ona zimene a ku Adirondack alibe. Mwana asapite ku madzi yekha. Popita ku mtsinje, ku busa kapena ku mpira wa kumudzi wina, wamkulu pakati pawo adziwe kuti anyamuka angati, ndipo asacoke kumeneko asanakwane. Pa sukulu yathu ana anga amadziwa kuti ulendo uliwonse umayamba ndi kutha ndi kuwerenga, ndipo aliyense amayenda ndi mnzake.

Cacitatu ndico ca mbale ija. Amalume amene anandiseka ali ndi ng'ombe zoposa 20, ndipo madzulo alionse amaima pa cipata ca khola naziwerenga polowa. Amadziwa iliyonse ndi dzina lake. Akaona imodzi yaima payokha osadya, sagona asanaipenye m'kamwa ndi m'ziboda. Nditawafotokozera nkhani yonseyi anakhala cete, nati, "Ndiye kuti unapita ku America kukaphunzira ubusa." Ndinabvomera. Luso limeneli tili nalo kale m'midzi mwathu. Cotsala ndi kulitembenuzira kwa ana. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine ndinakamva tanthauzo lake usiku uja, ndili ndi toci m'manja pakati pa mabwato.

Motero madzulo ano, mukatseka khola mutawerenga ng'ombe zanu, tembenukani muwerengenso ana amene ali pamphasa, anu ndi a eni omwe. Ndipo mukaona wina wakhala cete, nsima yake isanakhudzidwe, musayembekeze mawa. Khalani naye pansi, mumfunse.